Manja Ozizira pa Lole ya ku Makanjira

Mwana wanga woyamba anabadwa bambo ake ali ku Makanjira. Anawatumiza kumeneko ine nditatopa kale ndi pakati. Anali mlangizi wa zaumoyo, ndipo zaka zimenezo anthu othawa nkhondo ku Mozambiki ankangotsika m'mapiri kulowa kuno, ena atasenza mphasa ndi miphika, ena chimanjamanja. Anthu akachuluka mwadzidzidzi malo amodzi, zitsime ndi zimbudzi zimachepa, ndipo matenda otsekula m'mimba sachedwa. Choncho a zaumoyo sankapatsidwa tchuthi. Amuna anga anabwera kamodzi kokha, ine ndili gone m'chipatala ndi bala la opaleshoni. Anamuona mwana, anaseka kuti watengera makutu a kwawo, n'kubwerera pa lole yomwe inawabweretsa.

Ine ndinatsala pa boma, ku Mangochi, m'nyumba ya lendi kuseri kwa msika. Ndinali ndi setifiketi ya ku koleji, ya ntchito yophunzitsa amayi za pakhomo: kadyetsedwe ka ana, ukhondo, kusoka. Ndisanabereke ndinkazungulira midzi pa njinga, n'kuimirira pansi pa mtengo wa mango kuuza amayi kuti mwana akatupa masaya ndi mapazi, tsitsi n'kufiira, si tsempho ayi, ndi kusowa zakudya m'thupi, muphikireni phala lothira nsinjiro. Ndinkanena ndi mtima wonse, ndipo mpaka lero ndikudziwa kuti ndinkanena zoona. Koma kulankhula za mwana wa mnzako n'kwina, kugona ndi wako pambali n'kwina.

Mayi anga anamwalira ndili pasukulu, ndiye amene anabwera kudzandidikirira kuchipatala anali azakhali. Anabwera ndi mizu yoti amusambitse mwana titatuluka. Ine ndinakana. Sanakwiye. Anamanganso mizu yawo pa nsonga ya chitenje, n'kundiuza mofatsa.

"Chabwino, aphunzitsi. Koma mudziwe kuti mwanayu ndi wozizira, sanalimbe. Munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha. Akamunyamula, amudula. Musamangopatsa aliyense mpaka bambo ake atamutengera kumphasa. Ndipo musachedwe nazo. Mwamuna akakhala yekha kutali, zimene angachite kumeneko zimafika pa mwana."

Kutengera mwana kumphasa ndi mwambo wa m'nyumba, wa mwamuna ndi mkazi wake basi. Ukachitika, mwana walimba, aliyense akhoza kumunyamula. Popanda bambo ake sizitheka. Ndinawaperekeza azakhali ku basi ndikuseka, ndikuti zimenezo n'zachikale. Koma basi itanyamuka, mawu awo anatsala. Anabwerera nane kunyumba, n'kukhala.

Ndiulule zimene ndinkachita m'mawa uliwonse. Ndikamusambitsa mwana, ndinkadina phazi lake ndi chala chachikulu, monga anatiphunzitsira ku koleji, kuona ngati patsale dzenje. Dzenje silinkatsala. Mwana anali wonenepa bwino, woyamwa ngati wolipidwa. Koma ndinkadinabe, phazi ili, kenako linalo, ndipo pamene ndikudina sindinkaganiza za phala kapena nsinjiro. Ndinkaganiza za amuna anga ku Makanjira, ndi amene ankawaphikira. Ku sikelo ndinkakhala kumapeto kwa benchi kuti amayi anzanga asandipemphe kumunyamula. Kutchalitchi ndinkatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, uthenga unabwera pakamwa pa wogula nsomba wina. Amuna anga apeza nyumba, ndibwere ndi mwana mvula isanagwe, chifukwa ikangogwa msewu umatsekeka mpaka chimanga chitacha. Ndinasangalala, kenako ndinakumbukira za msewu. Tsidya la Shire ndinali ndisanapitirirepo Malindi.

Amene ankaudziwa msewuwo anali alandilodi anga, mayi wachiyao wa thupi lalikulu ndi mawu aakulu, wachisilamu, amene ankagula usipa wouma m'madoko a kumeneko n'kumatumiza ku Limbe. Ndinawapeza pakhonde akusankha mpunga. Nditawafunsa, anakankhira lichero pambali ngati ndawapatsa mphatso.

"Mwanangu, msewu umenewo! Mukawoloka mlatho, musatenge wokwera phiri wa ku Namwera, mukhotere kumanzere. Nyanja ikhala kumanzere kwanu tsiku lonse, yobiriwira mpaka maso kuwawa. Mpaka Malindi msewu ndi waulemu. Pamenepo mugule mango, ndi okoma kuposa a kuno. Mukapitirira Lungwena mudzaona malambe aakulu ngati nyumba, ndi mathandala a usipa akung'anima ngati malata atsopano. Koma kuyambira pamenepo msewu umayamba misala. Mchenga! Lole imatitimira, nonse mutsike, amuna adule masamba a migwalangwa kuyala pansi pa matayala, akankhe. Mukwere. Pang'ono, mtsinje wouma, mutsikenso."

Iwo ankafotokoza ngati akunena za ukwati umene anadyako bwino. Ine pa zonsezo ndinamva mawu amodzi okha, kutsika.

"Nanga wa mwana amatsika bwanji?"

"Amapatsira. Mwana amayenda pamanja ngati njerwa pa ntchito yachitukuko, uyu kupatsa uyu, mpaka pansi. Mayi atsike pambuyo pake."

"Manja a ndani?"

"A aliyense amene ali pafupi. Asodzi, ogula nsomba, asilikali opita kumalire..." Anaima, anandiyang'ana, anayang'ana mwana kumsana kwanga. "Ooh. Sanalowe kumphasa?"

Ndinangowerama. Ndinkayembekeza kuti aseka, poti anali atandimvapo ndikulalikira za phala pabwalo lomwelo. Sanaseke. Anayamba kuganiza nane limodzi, ndipo masiku otsatirawo ulendo wanga unasanduka nkhani ya pakhomo ponse.

Kubereka mwana n'kukwera naye ndekha sikukanatheka. Bala linali litapola kunja, koma ndikangodzikoka kapena kukweza chinthu cholemera, mkati munkang'amba ngati ulusi ukuduka. Ndinafunsa za sitima ya panyanja. Alandilodi anati sitima siifika pamtunda, anthu amatsikira m'mabwato, ndipo pamenepo ana amaponyedwa m'manja mwa amalinyero ngati mitolo. Ndinati nanga ndikapempha kukhala kutsogolo, pafupi ndi dalaivala? Anaseka mpaka kutsokomola.

"Dalaivala uja? Ali ndi khomo ku Malindi, lina ku Lungwena, lina sindilidziwa. Ameneyo ndi mbaula yoyenda, mwanangu. Mwana wanu akafika atapsa mbali imodzi."

Kenako anandiuza mwakachetechete kuti akhoza kupita kwa shehe kukatenga chithumwa chomanga pa dzanja la mwana. Ndinathokoza, koma ndinakana. Ndinaona kale m'maganizo amayi a kutchalitchi akuyang'ana kadzanja ka mwana wanga. Mizu ndinaikana chifukwa cha setifiketi, chithumwa ndinachikana chifukwa cha tchalitchi, koma mantha okha ndiwo sindinathe kuwakana. Ndinatsala nawo opanda chodzitetezera chilichonse.

Pabwalo lomwelo, m'kakhitchini kakale kuseri kwa nyumba, munkakhala mayi wina wa ku Mozambiki. Ndinkawaitana kuti achemwali, chifukwa anali aakulu pang'ono kwa ine. Analowera pa Chiponde, ndipo sanafune kukhala kumene anasonkhanitsa othawa anzawo. Anati kukhala pansi kudikira ufa kunkawapatsa maganizo. Alandilodi anawatenga kuti azitembenuza usipa padzuwa ndi kuulongedza m'madengu. Ankalankhula Chiyao, Chichewa chawo chinali chodumphadumpha, ndipo chitenje ankachitcha kapulana. Tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, amuna awo anagwidwa kuti akasenze katundu wa anthu a mfuti. Iwo anathawa ndi kamwana kakakazi kumsana. Kamwanako kanatsirizika m'njira, asanafike kumalire. Anandiuza kamodzi kokha, akusenda chinangwa, osakweza maso, ndipo pabwalopo sitinabwerezenso.

Achemwali ndi okhawo amene ndinkawapatsa mwana wanga ndikafuna kusamba kapena kuthamangira kumsika. Aliyense pabwalo ankadziwa chifukwa chake, koma palibe ankatchula. Alandilodi ndiwo anatchula, masana ena tonse tili pamthunzi.

"Tikuvutikiranji? Tengani awa. M'Mangochi muno mulibe manja ozizira kuposa awa. Abereke mwana, azikwera naye, azitsika naye. Inu muzingonyamula ambulera ngati adona."

Ndinachita manyazi mpaka m'makutu. Koma achemwali anaseka, n'kutambasula manja awo kuwayang'ana ngati akuwaona koyamba.

"Eya, ndi ozizira ngati madzi a mumtsuko. Ndipita, aphunzitsi. Akuti kumeneko kukufika anthu atsopano. Ndikaona nkhope."

Ndinamvetsa nkhope imene ankaifuna. Zinandipeputsa mtima kuti nawonso anali ndi chawo pa ulendowo.

Masiku okonzekera aja ndimawakumbukira ngati masiku okoma. Matewera ndikachapa ankauma ndisanamalize kutsuka beseni. Tinakazinga mtedza, tinasankha mbatata zoti tidzaphike tsiku lonyamuka, ndinawiritsa madzi akumwa n'kuthira m'chigubu. Achemwali anandiseka ndi madzi owiritsawo, akuti tikuyenda m'mbali mwa nyanja yonse ija titasenza madzi. Anandiphunzitsa kumanga chitenje kumutu kuti fumbi lisalowe m'makutu. Ankayeserera kukwera lole pa mgolo umene unali pabwalo, mwana ali kumsana, alandilodi akuchita phokoso la injini ndi pakamwa. Mwana ankaseka mpaka ntchofu. Ine ndinkafunsabe mafunso anga osatha. Nanga lole ikafa panjira? Nanga dzuwa likamuwotcha paliwombo? Nanga akatsekula m'mimba tili pakati pa mchenga? Alandilodi anatopa nane.

"Mwanangu, mukamaliza kufunsa, Makanjira adzakhala atasamuka. Lole inyamuka sabata yamawa, Inshallah. Kagoneni."

Lachisanu lake, anthu atatuluka mu mzikiti, amuna angapo ovala mikanjo analowa pabwalo pathu atatsogoza munthu wina. Anali wamtali, wowonda ngati nsungwi, malaya ake opatsidwa, aakulu kuposa iye, mapazi ong'ambika. Anati watsika kuchokera ku Namwera wapansi, akufunsa mzikiti ndi mzikiti za mkazi wake. Achemwali anali atagwada pa mkeka akutembenuza usipa. Anadzuka, anayang'ana, kenako anangokhala pansi pa dothi n'kudzifunditsa kapulana kumutu. Munthu uja sanathamange. Ananjuta chapatali, n'kuwapatsa moni m'Chiyao, moni wamba, ngati mlendo wopempha madzi. Achemwali anayankha ali m'kati mwa nsalu.

Alandilodi anaimba nthungululu yomveka mpaka kumsika. Amayi oyandikana nafe anathamangira, ena akulira, ena akuti Alhamdulillah. Nanenso ndinaomba m'manja, misozi ikutsika, misozi yeniyeni. Koma pansi pa chimwemwecho, mumtima mwanga munadzuka kamawu kamene sindinakaitane: nanga mwana wanga anyamula ndani? Ndinadzida pomwepo. Munthu wauka kwa akufa, ine ndikuganiza za lole. Koma kamawuko sikanachoke. Masana omwewo ndinaona mitambo itaunjikana pamwamba pa mapiri a ku Namwera, yoyera pamwamba, yakuda kunsi. Inabalalika, koma aliyense anaiona.

M'mawa mwake achemwali anabwera pakhomo panga monga mwa masiku onse, manja atatambasula, kuti atenge mwana ine ndikasambe. Ndinamukumbatira mwana pachifuwa.

"Akuyamwa, achemwali."

Sankayamwa. Ankasewera ndi batani la bulauzi yanga. Achemwali anayang'ana batanilo, anayang'ana ine, n'kubwerera. M'mawa umenewo sindinasambe.

Dzuwa litakwera ndinapita pa mpopi kukachapa, mwana ali kumsana. Ndinali nditaganiza kale kuti ulendo walephereka. Ndidikira mvula ithe, ndizidina mapazi a mwana mpaka chaka chamawa. Achemwali anabwera ndi ndowa yawo, anaiika pansi, n'kunditambasulira mkono pamaso.

"Gwirani, aphunzitsi."

"Ndigwire chiyani?"

"Gwirani muone ngati ndatentha. Si inu a sukulu? Yezani."

"Achemwali, pepani, ine sindimafuna..."

"Mwamuna wanga wagona m'sitolo ya usipa, pa matumba. Amayi eni nyumba anamupatsa mkeka. Wadzuka akununkha, amphaka onse a pamsika akumutsata ngati mfumu yawo." Anaseka pang'ono. "Ndamuuza kuti ndili ndi ulendo wa mwana wa eni. Adikire ndibwere."

Ndinasiya thewera m'madzi. Ndinati sizingatheke. Zaka zonsezi akhala akudikira, lero munthu wabwera, ndiye adikirenso chifukwa cha mantha anga, mantha amene ine mwini ndimaphunzitsa anthu kuti ndi opanda pake? Ndinati akhale, asamale amuna awo, ine ndiona chochita. Ndinkalankhula zenizeni, ngakhale chochitacho ndinalibe.

Achemwali anatsegula mpopi, n'kuyang'ana madzi akulowa mu ndowa.

"Si chifukwa cha inu nokha. Munthu uja ndi iyeyo, koma sindinamuzolowere. Akudya atayang'ana kukhoma. Mbatata ina wabisa m'malaya. Ndipo sanafunse."

"Sanafunse chiyani?"

"Za mwana wathu. Wayang'ana pabwalo ponse. Wayang'ana kumsana kwanga. Wayang'ana ana a anthu akusewera. Sanafunse, nanenso sindinanene. Tikalowa m'nyumba imodzi, chitseko n'kutseka, ndiyenera kunena. Mawu ake ndilibe, aphunzitsi. Ndipatseni msewu, mwina ndikawatola kumeneko."

Ndowa inasefukira tonse tikuiyang'ana. Ndinamasula mwana kumsana, n'kuwapatsa. Anamulandira, anamununkhiza pakhosi monga ankachitira, n'kumuuza m'Chiyao zinthu zimene sindinamve. Kenako anandiuza kuti ndikasambe, chifukwa nanenso amphaka ayamba kunditsata.

Tsiku la ulendo tinapita pokwerera m'mawa, kutentha kutayamba kale. Alandilodi anatiperekeza, ndipo amuna a achemwali anasenza sutikesi yanga ndi chigubu, akuyenda pambuyo pathu. Lole tinaipeza. Inali itapakira matumba a ufa wa othawa nkhondo mpaka kupitirira zitsulo za m'mbali, pamwamba pake madengu opanda kanthu ndi njinga, ndipo anthu anali atakhala pamwamba pa zonsezo ngati mbalame padenga. Achemwali anamanga mwana kumsana, anaponda tayala. Dalaivala anatulukira.

"Ayi, ayi, mayi! Ndi mwana kumbuyo simukwera pamenepo. Mukaterereka mlandu ndi wanga. Kwerani nokha, mwana apatsire."

Nthawi yomweyo manja anatsika kuchokera pamwamba. Manja a msodzi, manja a mayi wina wa ndolo zambiri, manja a mwamuna wa chipewa cha usilikali. Onse okoma mtima, onse akuti bweretsani, bweretsani. Dalaivala nayenso anatambasula ake. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda alandilodi.

Achemwali anamasula mwana, anandipatsa, n'kukwera okha ngati nyani. Atafika pamwamba anakankha anthu ndi zigongono, anagona chamimba pa matumba, n'kutsitsa manja awo. Anali kutali. Ndinayesa kukweza mwana, ndipo m'mimba munang'amba mpaka ndinaona mdima. Alandilodi anandigwira.

"Ine musandiyang'ane, mwanangu, bambo a kunyumba anabwera dzana," anatero mokweza, anthu onse pa lole n'kuphulika kuseka. Kenako anatembenuka. "Nanga uyu? Wamtali ngati mlongoti, ndipo wagona ndi usipa sabata yonse. Baba, ikani sutikesi pansi."

Munthu uja anaika sutikesi. Anapukuta manja pa malaya, kawiri, n'kundiyang'ana ngati akupempha chilolezo. Ndinamupatsa mwana wanga.

Sanamukweze nthawi yomweyo. Anamugwira patsogolo pake, dzanja lina kumutu, lina kumatako, kagwiridwe ka munthu amene anagwirapo khanda. Mwana anamugwira chala. Dalaivala analiza hutala, wina pamwamba anakuwa kuti fulumirani, tikupsa. Iye sanamve. Anakweza maso kwa mkazi wake pamwamba pa matumba, ndipo anafunsa ndi maso okha. Achemwali anapukusa mutu pang'onopang'ono. Munthuyo anaima choncho kanthawi. Kenako anagwedeza mutu, anaimirira ndi zala za kumapazi, n'kukweza mwana wanga mpaka m'manja mwa mkazi wake. Alandilodi anayang'ana kumbali, akukonza mpango wawo.

Ine anandikweza anthu ambiri, otentha ndi ozizira omwe, wina kukoka mkono, wina kukankha kumbuyo. Lole itayamba kuyenda, ndinaona munthu uja ataima pomwe tinamusiya, manja ali lende. Achemwali sanatembenuke mpaka titawoloka mlatho. Pamenepo ndi pamene anayamba kulira, mopanda phokoso, mwana ali pamiyendo pawo, ine nditawafunditsa ambulera onse awiri.

Msewu unali monga alandilodi ananenera, ndipo mwina kuposa. Nyanja inatiperekeza kumanzere, nthawi zina pafupi mpaka kumva mafunde, nthawi zina kubisala kuseri kwa migwalangwa. Ku Malindi anatsitsa matumba ambiri, katundu anafupika, ndipo kuyambira pamenepo achemwali ankakwera ndi kutsika mwana ali kumsana, dalaivala osanenanso kanthu. Mango tinagula. Anali okomadi. Tinatitimira mu mchenga kangati, sindinawerenge. Amuna akamakankha lole, ife tinkayenda pambali, mchenga ukuwotcha kudutsa m'nsapato, achemwali patsogolo, ine pambuyo ndi ambulera yanga, ndikuthamangira kuti mthunzi ukhale pa mutu wa mwana. Madzi owiritsa aja anatha tisanafike pakati, chifukwa achemwali anamwetsa ana onse a pa lole. Pa mtsinje wina wouma anandiuza dzina la kamwana kawo, ndi malo amene anakaika, pansi pa mtengo wa masuku. Analankhula Chichewa ndi Chiyao mosakaniza, akubwereza, ngati munthu woyeserera nyimbo. Ine sindinayankhe zambiri. Ndinaona kuti sakulankhula ndi ine.

Tinafika ku Makanjira tili ofiira ndi fumbi, milomo itauma. Amuna anga anali pokwerera, atavala malaya a ntchito, atada ndi dzuwa, ataonda kuposa mmene ndinawasiyira. Anathamangira lole isanaime bwino. Achemwali anatsika ndi mwana, ine pambuyo pawo. Amuna anga anatambasula manja.

Ndipo ine ndinaima. Ulendo wonse ndinkaopa manja a anthu osawadziwa, koma manja amene ndinkawaopa kwenikweni anali awa. Ndinawayang'ana kumaso kufunafuna chizindikiro. Ndinayang'ana amayi amene anaima pafupi ndi sitolo, kuti mwina wina akutiyang'ana mwachilendo. Pakamwa panga panali patatsala pang'ono kutuluka funso limene likanawononga tsiku lonse, mwina ndi zaka zotsatira.

Achemwali sanandidikire. Anamasula kapulana, anatembenuza mwana, n'kumuika m'manja mwa bambo ake.

"Landirani katundu wanu, achimwene. Msana wanga watha."

Amuna anga anamukweza m'mwamba, akuseka, akuti makutu aja akula. Kenako anandiyang'ana, n'kufunsa ngati bala likupwetekabe. Ndinati pang'ono. Funso langa ndinalimeza, ndipo silinabwerenso ndi mphamvu yomwe ija.

Tinawapempha achemwali kuti apumule masiku angapo. Anakana. Sanapite n'komwe kukaona nkhope za anthu atsopano. Lole itadzaza madengu a usipa, anakwera pamwamba, chigubu changa chili m'manja, poti ndinawakakamiza kuti atenge madzi owiritsa. Kumwamba kunali kutayamba kulemera, mphepo ikununkha dothi. Masiku amenewo mapazi a mwana ndinaiwala kudina. Ndinkangoyang'ana mitambo ya kum'mwera, n'kumafunsa aliyense wochokera ku boma ngati lole ija inadutsa mitsinje.

Mvula inagwa, yamphamvu, msewu n'kutsekeka. Uthenga unabwera mochedwa, pa bwato, pakamwa pa msodzi amene sankadziwa tanthauzo lake. Anati amayi ogula usipa a kuseri kwa msika akupereka moni, mlendo wanu anafika mvula isanayambe, ndipo iye ndi mwamuna wake akhala pakhonde tsiku lonse akulankhula, ntchito yaima.